Banga likukana kuchoka? Dziwani kaye kuti lapangidwa ndi chani musanathire Jik

Ambiri a ife kuno ku Joni timadyera ntchito za m'manyumba mwa anthu, wina akuchapa ku Randburg, wina akusamala pool ku Fourways, wina ali pa car wash ku Mayfair, ndipo tikakumana Lamulungu funso lomwe limabwerabwera ndi lomweli, shati ya bwana ili ndi banga, ndachapa ndachapanso silikuchoka, ndithire chani? Yankho lomwe anthu amathamangira ndi Jik basi. Mafuta Jik, dzimbiri Jik, magazi Jik, mapeto ake chovala chachita chikasu kapena chabooka, madamu akwiya, mwezi ukatha akudula malipiro. Abale anga, banga lililonse lili ndi kamangidwe kake, tinthu tating'ono tomwe tapanga bangalo timagwirana m'njira zosiyana, ndiye chomwe chimamasula mtundu wina sichingamasule mtundu wina ngakhale mutakhula mpaka manja kutupa. Mukadziwa kagwiridwe kameneka ntchito imapepuka kwambiri.

Zofunika kukhala nazo

- Sopo wa madzi wotsukira mbale, komanso Sunlight wobiriwira uja
- Viniga woyera, osati wa brown chifukwa amasiya mtundu
- Mandimu ndi mchere
- Soda wa bicarb, yemwe uja timathira mu therere
- Surgical spirit wa ku pharmacy. Spirit wa pepo uja ali ndi utoto, pa nsalu yoyera akhoza kusiya banga lake
- Acetone, wochotsera penti wa m'zikhadabo
- Hydrogen peroxide wa 3%, pa botolo amalembanso kuti 10 volume
- Jik, koma muyiyike kumapeto kwa shelefu
- Magolovesi, mswachi wakale, nsanza zoyera, pepala la khaki ndi ayironi

1. Funsani kuti banga ili ndi la gulu liti

Musanagwire botolo lililonse liyang'aneni bangalo, linunkhizeni, funsani mwini wake kuti chinagwera ndi chani. Magulu ake ndi awa: za shuga ndi mchere, za mafuta, za miyala monga layimu wa m'ketulo ndi dzimbiri, zochokera m'thupi monga magazi ndi mazira, kenako za utoto monga tiyi ndi wine. Ngati simukudziwa, donthezani madzi pang'ono pamwamba pake. Madzi akalowa n'kuyamba kulisungunula ndiye kuti nkhani ndi yosavuta. Akakhala pamwamba osalowa, dziwani kuti pali mafuta kapena phula.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo amene munafika Fomu 3 mukumbukira. Molekyulu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidrojeni, amagawana ma elekitironi koma okosijeni amakokera kwambiri mbali yake, komanso molekyuluyo si yowongoka, ndi yopindika pa madigiri 104.5. Ndiye mbali ina imakhala negative mbali ina positive, izi ndi zomwe amati polar. Madzi amatha kukoka chinthu chokhacho chomwe nachonso chili ndi positive ndi negative poti agwirepo. Mafuta ndi unyolo wautali wa kaboni ndi haidrojeni womwe ma elekitironi ake agawidwa pafupifupi mofanana, palibe pogwira, n'chifukwa chake madzi amangodutsa. Lamulo lake ndi loti polar imasungunula polar inzake, ndipo zopanda mbali zimasungunulana zokhazokha.

2. Dziwaninso chomwe banga lagwerapo

Apa ndi pomwe ntchito za anthu zimathera. Mankhwala sasankha, akamadya banga akhozanso kudya chovala kapena tebulo. Werengani lebulo ya mkati mwa chovala. Wool ndi silk ndi mapuloteni, zofanana ndi tsitsi lathuli, Jik imazidya. Nsalu yolembedwa acetate, yomwe imapezeka kwambiri mkati mwa majekete a suti, imasungunuka ndi acetone n'kusiya dzenje. Marble ndi calcium carbonate, chinthu chomwecho chomwe chimapanga layimu wa m'ketulo, ndiye viniga kapena ndimu imamudya n'kusiya malo osawala omwe sangabwerere ndi nsanza. Poto wa aluminium sagwirizana ndi caustic soda.

Chenjezo: yesani kaye mankhwalawo pamalo obisika, mkati mwa mpendero kapena kuseri kwa sofa, dikirani mphindi zisanu muwone ngati mtundu ukusuluka.

3. Za shuga ndi mchere: madzi okha

Jamu, uchi, drink yotayikira, mizere yoyera ya thukuta pa kapu. Mchere ndi ionic, kutanthauza kuti sodium wapereka elekitironi kwa chlorine ndipo akugwirana chifukwa wina ndi positive wina negative, kagwiridwe kolimba moti mchere sungasungunuke pamoto mpaka utafika pa 801°C, komatu madzi amaumasula mosavuta pozungulira aliyense payekha. Shuga nayenso ali ndi malo ambiri ogwirana ndi madzi. Viikani m'madzi ofunda, tsukuluzani, mwamaliza. Ngati drink ija inali ndi mtundu ndipo mtunduwo watsala, pitani pa nambala 7.

4. Za mafuta: sopo asanaone madzi

Mafuta ophikira, majarini, girisi wa galimoto, lipstick, polishi wa nsapato, litsiro la pa kolala ya shati lomwe kwenikweni ndi mafuta a pakhungu.

Choyamba ngati mafutawo angogwa kumene, thirani bicarb kapena ufa wa chimanga wosalala pamwamba, musiye kwa mphindi 15 kuti uyamwe, kenako sasani. Musapukute mopita uku ndi uku chifukwa mukungolikulitsa.

Kenako pakani sopo wa mbale pa banga louma, musananyowetse. Ichi ndi chomwe anthu ambiri amalakwitsa, amayamba aviika chovala chonse mu beseni ndiye sopo amafika pa bangapo atasungunuka kale alibe mphamvu. Molekyulu ya sopo ili ngati kamtengo ka machesi, mutu wake ndi wokonda madzi, mtengo wake ndi unyolo wa kaboni wokonda mafuta, ndiye mitengo ija imalowa m'mafuta mitu n'kutsala kunja, mafuta amadukaduka kukhala timipira tating'onoting'ono tozunguliridwa ndi mitu yokhayokha, madzi akabwera amagwira mitu ija n'kunyamula zonse. Kuti izi zichitike sopo amafuna nthawi, ndiye mulowetseni ndi mswachi musiye mphindi 10 kapena 15 muzikachita zina, pambuyo pake tsukuluzani ndi madzi otentha omwe lebulo ikulola. Pa mafuta madzi otentha amathandiza chifukwa amafewetsa.

Chenjezo: musaponye chovalacho mu tumble dryer kapena kuchisita musanaone kuti banga lachoka. Chovala chonyowa chimabisa banga la mafuta, yanikani kaye chiume muwone.

Girisi wakuda wa pa ovolosi ndi phula la mumsewu nthawi zina sopo yekha amalephera, apo palafini pang'ono pa nsanza amathandiza chifukwa nayenso ndi unyolo wa kaboni. Chitani izi panja, kutali ndi moto ndi ndudu, ndipo chovalacho muchichape ndi manja ndi sopo mpaka fungo lithe chisanalowe mu mashini.

Phula la kandulo, lomwe load shedding inatizolowetsa pa matebulo ndi makapeti, ndi la gulu lomweli. Mamolekyulu ake amagwirana mofooka kwambiri n'chifukwa chake limasungunuka lisanafike ngakhale pa 70°C. Lisiyeni liume, ikani ice pamwamba kuti lilimbe, palani ndi msana wa supuni, chotsalacho ikani pepala la khaki pamwamba musite ndi ayironi yofunda chabe, pepala liziyamwa inu muzisuntha pa malo oyera. Kapeti zambiri ndi za pulasitiki, ayironi ikatentha kwambiri mumasungunula kapeti yeniyeniyo.

Inki ya bolopeni ili pakatikati, madzi sayichotsa bwino koma spirit amayichotsa, chifukwa molekyulu ya spirit ili ndi mbali yogwira madzi ndi mbali yogwira za mafuta. Ikani nsanza pansi pa chovala, donthezani spirit, dindani ndi nsanza ina, osakhula. Super glue amamvera acetone.

5. Layimu ndi dzimbiri: apa pakufunika asidi

Zoyera zouma za m'ketulo, pa galasi la shawa, kukamwa kwa mpopi. Madzi a mumpopi kuno ambiri amachokera ku Vaal Dam kudzera kwa Rand Water ndipo layimu wake amabwera pang'onopang'ono, koma nyumba zomwe zili ndi borehole m'madera a mwala wa dolomite monga cha ku Centurion ndi West Rand, ketulo imayera msanga kwambiri. Layimu ameneyu ndi calcium carbonate, nayenso ndi ionic monga mchere koma calcium ali ndi ma positive awiri, carbonate ma negative awiri, akugwirana molimba moti madzi sangawalekanitse, sopo nayenso alibe chochita chifukwa si mafuta, ndipo sopo wa Sunlight uja akakumana ndi calcium amapanga zoyera zomata zija za m'bafa, ndiye mukuwonjezera vuto. Asidi ndi amene amaphwanya carbonate, carbonate uja amatuluka ngati mpweya wa carbon dioxide, thovu mumaliwona lija, calcium yemwe watsala amasungunuka m'madzi.

Pa ketulo: thirani theka viniga theka madzi mpaka layimu amire, wiritsani kamodzi, zimitsani musiye kwa ola limodzi, tayani, tsukuluzani, wiritsani madzi okha kawiri n'kutaya kuti tiyi wa madamu asamveke viniga. Viniga wa mu shop ali ndi asidi pafupifupi 5% yekha ndiye ndi wofatsa, chomwe amafuna ndi nthawi. Pa mpopi kapena shawa, nyowetsani nsanza ndi viniga mukulunge pamenepo kwa theka la ola, osati kupopera n'kupukuta nthawi yomweyo. Mipopi yakuda kapena ya golide yomwe yachuluka m'nyumba zatsopanozi ili ndi utoto wopyapyala pamwamba, musasiyepo viniga nthawi yayitali, ndipo funsani kaye eni ake.

Dzimbiri ndi chitsulo chomwe chagwirana ndi okosijeni, iron oxide, ndipo dothi lofiira la kuno lomwe limamata pa masokosi a ana ndi mayunifomu limafiira chifukwa cha chomwechi. Pa nsalu yoyera finyirani ndimu, wazani mchere, yanikani padzuwa, tsukuluzani, mukhoza kubwereza. Asidi wa m'ndimu amagwira chitsulo chija n'kuchinyamula kupita nacho m'madzi. Matope ofiira alekeni aume kaye musase ndi burashi musanayambe, mukawanyowetsa ali aawisi mukuwakankhira mkati mwa ulusi.

Chenjezo lalikulu: dzimbiri musalithire Jik. Ntchito ya Jik ndi yomweyo yomwe mpweya unachita kale popanga dzimbirilo, ndiye banga limangoderako n'kukhazikika.

6. Magazi, mazira, mkaka, masanzi a mwana: madzi ozizira

Izi ndi mapuloteni, unyolo wautali wopindidwa womwe umagwiridwa ndi timfundo tofooka. Kutentha kumamasula timfundo timeneti, unyolo umatambasuka n'kukolana wokhawokha komanso ndi ulusi wa nsalu, ndi zomwe zimachitika dzira likamaphikidwa, loyera lija limayamba kulimba cha m'ma 60°C ndipo silibwereranso. Giza (zotenthetsera madzi m'nyumba) zambiri amaziika pa madigiri 55 kapena 60, ndiye madzi a mpopi wotentha okhawo akwanira kuphika banga la magazi pa shiti.

Tsegulani mpopi wozizira madzi adutse kuchokera kuseri kwa nsalu kuti akankhire banga kunja. Pakani Sunlight, viikani m'madzi ozizira kwa ola kapena kuposa. Ufa wochapira womwe walembedwa kuti uli ndi ma enzyme ndi wabwino apa chifukwa amaduladula puloteni, koma osati pa wool ndi silk poti nazonso ndi mapuloteni. Likatsala, donthezani hydrogen peroxide, muwona thovu, dindani ndi nsanza n'kutsukuluza, koma pa nsalu ya mtundu yesani kaye pobisika chifukwa amasulutsa. Magazi a munthu wina musawagwire opanda magolovesi.

7. Za utoto, ndiye tsopano Jik

Tiyi, khofi, wine wofiira, beetroot, curry. Mtundu wake umachokera m'mamolekyulu omwe ali ndi mzere wa ma double bond (pomwe maatomu awiri agwirana kawiri), mzere umenewu ndi womwe umayamwa kuwala kwina n'kubweza mtundu womwe timawona. Jik, yomwe ndi sodium hypochlorite wa 3.5%, imadula mzerewo ndiye mtundu umazimiririka. Mvetsani apa, Jik sinyamula litsiro, imangopha mtundu ndi majeremusi, n'chifukwa chake pa mafuta sikuthandizani.

Yambani ndi kudinda ndi nsanza, madzi ozizira, sopo wa mbale. Zikakana yesani peroxide kapena ufa wa oxygen monga Vanish, zomwe ndi zofatsa pa nsalu za mitundu. Jik ndi ya cotton woyera basi, muyisungunule m'madzi ozizira monga botolo likunenera, osathira yosasungunula pa nsalu, osaviika usiku wonse chifukwa ikatha kudula utoto imayamba kudula ulusi. Zovala zotanuka za ku jimu imazipanga chikasu n'kupha lasitiki wake.

Curry ali ndi zake. Muli mafuta ndi utoto wa turmeric pamodzi, ndiye chotsani mafuta kaye monga pa nambala 4, ndipo musadzidzimuke banga likafiira mukapaka sopo, turmeric amasintha mtundu akakumana ndi sopo ndipo amabwerera mukatsukuluza. Chachikasu chotsalacho dzuwa la kuno limachichotsa lokha, yanikani panja tsiku lonse.

8. Fumbi pa galimoto ndi pa galasi: tsukuluzani musanapukute

Achimwene a pa car wash, ichi ndi chanu. Fumbi la kuno, makamaka mphepo ya mu August ikamawomba kuchokera pa milu ya migodi ija, lili ndi quartz wambiri. Mu quartz atomu iliyonse ya silicon yagwirana ndi okosijeni anayi ndi ma covalent bond (kugwirana kogawana ma elekitironi) mbali zonse popanda pothera, palibe madzi kapena sopo amene angamusungunule, ndipo ndi wolimba kuposa galasi, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba ali pa 7 pomwe galasi lili cha pa 5.5, penti wa galimoto ndiye ndi wofewa kutalitali. Mukapukuta ndi nsanza youma mukukanda ndi manja anu. Thirani madzi ambiri fumbi litsike kaye, kenako sopo, ndipo nsanza ikagwa pansi musayibwezere pa galimoto musanayichape.

Izi musasakanize ngakhale wina atakuuzani kuti zimayeretsa kwambiri

Jik ndi viniga, Jik ndi mankhwala a m'toilet okhala ndi asidi, Jik ndi pool acid, zonsezi zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe umawotcha mapapo. Jik ndi chilichonse cholembedwa ammonia zimatulutsa mpweya wina woopsanso. M'bafa laling'ono lotseka mawindo munthu akhoza kugwa. Osamalira pool, chlorine wa ufa monga HTH ndi asidi musazisunge moyandikana, musagwiritse chidebe chimodzi, musathire nthawi imodzi, ndipo posungunula asidi mumathira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi chifukwa zimatentha n'kuthovukira kumaso. Caustic soda ndi mankhwala a mu uvuni amasandutsa mafuta kukhala sopo, ndi mmene amatsukira, ndipo amachita chimodzimodzi ndi khungu lanu, kuterera mumamva m'zala kuja ndi khungu likudyeka, valani magolovesi.

Zikachitika kuti mwapuma mpweyawo tulukani panja msanga, musabwerere kukapukuta. Mankhwala akagwera m'maso tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 kapena kupitirira. Ngati chifuwa chikubanika imbani 112 pa foni kapena 10177 ya ambulansi, ndipo mutenge botolo la mankhwalawo popita ku chipatala. Nkhani ya mapepala isakuchititseni kukhala m'nyumba mukubanika, pitani.

Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Kusakaniza viniga ndi bicarb mu botolo limodzi poganiza kuti thovu ndi mphamvu. Wina ndi asidi wina ndi wopha asidi, akakumana amathana, chotsala ndi madzi okhala ndi kamchere kena basi. Gwiritsani chimodzi pa ntchito yake, viniga pa layimu, bicarb poyamwa mafuta ndi fungo kapena pokwecha mofatsa.

Kuthira madzi otentha pa banga lomwe simukulidziwa. Ngati mukukayika yambani ndi ozizira, sawononga kanthu, otentha mukhoza kubwera nawo pambuyo.

Kukhula mwamphamvu pa kapeti ndi sofa, banga limatambalala ndipo ulusi umanyenyeka. Dindani kuchokera m'mphepete kupita pakati.

Kusintha mankhwala osatsukuluza oyamba aja, mwayesa viniga zakanika ndiye mwathira Jik pamwamba pomwepo, apo mwasakaniza kale ngakhale simunafune.

Kusiya Jik usiku wonse mu sinki ya stainless steel, imaboola timaenje tating'ono tomwe pambuyo pake timachita dzimbiri. Kukwecha pani ya non-stick kapena stovu ya galasi ndi steel wool. Kuchulutsa sopo mu mashini, wotsalayo amamata mu nsalu n'kumakoka litsiro lina, mathaulo n'kuuma gwa.

Ndipo ichi chimachitika kwambiri m'zipinda zathu zomwe timakhala ndi ana: kuthira palafini, Jik kapena spirit m'botolo la drink lopanda lebulo n'kuliika pansi pa bedi kapena pafupi ndi stovu. Mwana akaona botolo la drink amamwa. Sungani m'botolo lake lenileni, pamwamba pomwe safikira, ndipo mwana akamwa palafini musamusanzitse kapena kumupatsa mkaka chifukwa posanza palafini amalowa m'mapapo, thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo.